Batani la Makomo Awiri

Kamera iyi ndinaigula ku Kamwala
kwa mnyamata wotchula aliyense kuti bwana.
Inali yokulungidwa m'sokosi.
Batire ndinagula padera.

Loweruka loyamba, pabwalo la netibolo ku Chilenje,
Tionenji analumpha, mpira uli kunsonga kwa zala,
ine n'kudina.
Kamera inayamba yaganiza kaye
ngati kalaliki wofunafuna failo yako m'kabati,
ndipo pomwe imati tche!
mwana anali atatera kale.
Ndinabwerera kunyumba ndi zithunzi makumi atatu:
fumbi, msana, chigongono cha mwana wa eni,
mkombero wachitsulo wopanda kanthu,
ndi mayi wogulitsa vitumbuwa kuseri kwa waya
amene anaoneka bwino zedi.

Adadi, nanga ine ndili pati?
Ndinaloza chidendene pakona.

A Njobvu, okonza mawotchi pafupi ndi Kulima Tawa,
sanaitsegule n'komwe.
Anati: Siyakufa iyi, ndi yochedwa kudzuka chabe.
Batani ili lili ndi makomo awiri.
Dinani pang'ono, osafikitsa,
ilire kuti pii, kabokosi kabiriwire.
Pamenepo diso layeza mtunda, lalawa kuwala,
latsala n'kuphethira basi.
Gwirani pomwepo. Mpweya muusunge.
Fulashi zimitsani, imadya nthawi podzikoka.
Iletseni kukuonetsani chithunzi mukangojambula,
poti mukamasirira chapita
chikubwera chimakudutsani.
Ndipo mwanayo musamuthamangitse ndi kamera ayi.
Lozani kumene akupita,
mukamudikire komweko.

Ndalama anakana. Anapempha ndudu imodzi
n'kuipachika kukhutu.

Ndinaphunzirira pa maminibasi a mumsewu wa Lumumba,
kondakitala akulendewera pakhomo, ndalama zili pakati pa zala;
pa wilibala ya tomato yokhota pamsika wa Soweto;
pa galu wa aneba, amene sakhala pansi.
Chala chinachita dzanzi.
Zithunzi zambiri ndinafufuta ndili pamzere wa madzi.

Mu Ogasiti, mphepo ikupachika mapulasitiki pa mawaya,
ndinamugwira.
Mapazi onse awiri m'malere,
mpira utangosiyana ndi dzanja,
kalilime kali panja pang'ono
ngati mayi ake akamalowetsa ulusi pa singano.
Chili pakhoma, pamwamba pa firiji,
chayamba kufiira m'mbali.

Koma chinaphunzira ndi chala chokha.
Pakamwa panga pamachedwabe.
Mayi ake, ali gone m'chipatala chachikulu chija,
botolo la madzi likudontha m'mkono,
anandifunsa ngati ndadya.
Ndinati eya, ndadya.
Mawu enawo anadzatuluka ku Chingwere
anthu atakwera kale malole,
ine ndikuuza mulu wa dothi ndi nkhata za maluwa.
Ngakhale zikomo wa a Njobvu
ndinakafika naye patapita mwezi,
ndinapeza pamalo pawo pali wogulitsa zikwama za foni.

Lero tili ku Intasite.
Tionenji akukwera basi ya ku Solwezi,
wapeza ntchito ya unamwino,
sutikesi yake yapanikizidwa ndi matumba a kapenta.
Kamera ndaisiya dala kunyumba.
Kuchokera ku Chilenje, mu minibasi monse muja,
mawu ndawadina theka.
Ali palilime, kabokosi kabiriwira kale,
nsagwada zayamba dzanzi.

Sindinaime pomwe pali zenera lake.
Ndaima apa, pafupi ndi geti,
pomwe basi imachepetsa liwiro pokhota.
Injini yalira.
Oitanira akumenya nthiti za basi ndi zikhatho,
utsi wa dizilo walowa m'maso.
Zenera loyamba, lachiwiri,
iye ali pa lachisanu.

Iwe mnyamata wa masosejiwe,
tasuntha pang'ono.